Shopu yopulinta mabuku yolonjeza za mphoto ija: makina ali bwino, malangizo ndiye ayi

Amene mwakhala mukufunsa za shopu yamtauni ya Harare ija yotaipa, kupulinta ndi kumata mabuku, ija inakhoma chipepala pakhomo choti amakonzera alembi mabuku opita ku mipikisano ya mphoto, yankho langa nali mosazungulira. Pa ntchito ya makina anthu aja amaidziwa ndipo ndalama yanu siilowa mmadzi. Koma pa nkhani ya mphotozo musangowamvera, kawerengeni nokha malamulo a mpikisano umene mukuufuna, komanso ngati zolemba zanu zili m'Chichewa musalipire ndi senti yomwe kuti akukonzereni chilankhulo chifukwa mulibe munthu wochidziwa mmenemo. Dzina lake sindilemba poti pali zina ndidandaule, koma amene mumatsikira pa Fourth, pokwerera makombi (maminibasi), nkumalowera mkati mwa tauni mwina munachionapo chipepalacho, shopuyo ili mmwamba, masitepe ake ndi amdima.

Ife tili ndi kagulu kathu ka anthu olemba ku Mabvuku ndi Tafara, madera a mu Harare muno, ambiri ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene anabwera kuno kale kuchokera ku Malawi, ena ku Chipata ena ku Tete, kudzagwira ntchito mmayadi, mmapulazi ndi ku fakitale ya simenti. Timakumana Lamlungu mapemphero akatha, wina awerenge ndakatulo yake, wina kankhani, ena amangobwera kudzamvera basi. Chaka chino tinasonkherana kuti zina mwa zolembazi zichoke mmakope ndi mmafoni zikhale buku logwirika, nde anandituma ine kuti ndiziyenda nazo poti ndimagwira ntchito chamtauni momwemo. Ndinanyamula zinthu zitatu zosiyana. Ndakatulo za gulu lonse, zosakwana 60. Nkhani yaifupi ya mtsikana wina wa mgulu lathu imene anailemba m'Chichewa nkuimasulira yekha m'Chingerezi. Ndi nkhani yaitali ya agogo ena amene anapuma ntchito kalekale, yolembedwa pamanja mmakope a sukulu, ya mnyamata wochoka ku Dedza wapansi kubwera ku Salisbury, dzina lakale la Harare, nthawi ya chitaganya. Ndikuzitchula zonse chifukwa shopuyo chilichonse inachigwira mosiyana.

Mitengo kaye. Ali ndi chimene amachitcha phukusi la mphoto, madola 180 ngati buku silikupitirira mapeji 100, mmenemo akuti muli kutaipa, kukonza chilankhulo, kava, nambala ya ISBN (nambala yozindikiritsa buku) ndi mabuku 20. Mukhozanso kugula chimodzichimodzi, kutaipa ndi masenti 50 pa peji ngati zolemba zikuwerengeka bwino, dola imodzi ngati nzovuta, kava madola 25, kupulinta kumatengera kukhuthala kwa buku koma lathu linkabwera pa madola 4 limodzi. Amalandira madola pamanja, EcoCash ya pafoni komanso ZiG, ndalama ya dziko lino. Dipoziti ndi theka, risiti amalemba yomveka bwino yosonyeza chimene mwalipira ndi chimene chatsala, ndipo chenje ikasowa amakulemberani pa risiti pomwepo kuti adzachotsere pa ntchito yotsatira. Pa ndalama sindinaone chinyengo chilichonse, izi ndiyenera kunena.

Buku la ndakatulo lija linatuluka lokongola abale. Pepala lake ndi lakirimu lokhuthalako, inki siioneka kuseri kwa tsamba, ndipo kumata kwake nkolimba, ndinalitsegula pakati nkulikanikiza patebulo dala kuti ndione ngati tsamba lithothoke koma ayi. Kava ndi yosanyezimira, yosalala mmanja, mitundu yake inatuluka ndendende mmene inkaonekera pa kompyuta. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mnyamata amene amayala masamba uja. Amene munapulintitsapo ndakatulo mukudziwa vuto lake, ambiri amangozithira mu Word nkusiya mizere iziduka pamene yafunira, ndime imodzi theka tsamba lino theka tsamba linalo, ndakatulo nkuoneka ngati kalata. Iyeyu anakhala nane pansi, Chichewa sachimva koma ankafunsa kuti mukoma mzere uwu watalika, ndiuthyole pati, kapena ndichepetse zilembo za ndakatulo yonse? Pali ndakatulo ina ya maliro ya mayi wina wa mgulu lathu imene ili ndi mzere umodzi wobwerezabwereza ngati poyankha nyimbo, iye anauona yekha nkuulowetsa mkati pang'ono paliponse pamene ukubwera, moti munthu ukangoyang'ana tsamba umadziwiratu kuti apa onse ayankhe. Mayiwo atachiona anakhala chete kaye kenako nkuti ndi mmene ndimaiwerengera pamtima. Ntchito ngati imeneyi siili pa mndandanda wa mitengo koma ndi imene ingandibwezere ku shopu ija.

Asanapulinte onse amatulutsa kaye buku limodzi loti mukalione kunyumba, mukasayina mpamene amayamba enawo. Pa 20 aja panali ochepa odulidwa mopendekera mmphepete, ndinawaonetsa ndipo anasintha popanda kukangana. ISBN anakatitengera okha ku National Archives ku Borrowdale Road, kumene kumachokera manambala amenewa kuno ku Zimbabwe, anaika ndi barcode kuseri, komanso anatikumbutsa okha kuti lamulo limafuna kuti buku losindikizidwa muno lisiyidweko kope lake kumeneko. Mpaka apa zonse bho.

Vuto linayambira pa kutaipa nkhani ya agogo ija. Sisi amene amataipa ndi wachangu zedi komanso waulemu, koma ndi Mshona ndipo zala zake zinazolowera Chishona. Chishona cholembedwa sichigwiritsa ntchito l, nde malo ambirimbiri pamene agogo analemba l iye anaika r. Ma h a mu kh, ph ndi th ankangowasiya, kachizindikiro ka ng' kanasowa pafupifupi buku lonse, mawu amene ife timawalekanitsa iye ankawaphatikiza monga amachitira Chishona, kenako kompyuta nayo nkumasintha yokha mawu ena kuwasandutsa Achingerezi. Tsamba lililonse linali ndi zolakwika, osati chimodzi kapena ziwiri ayi, zoti munthu ukuwerenga umayamba kuiwala nkhani nkumangolimbana ndi zilembo. Ine sisi uja sindimuimba mlandu, kutaipa mapeji pafupifupi 200 a chilankhulo chosachimva, cholembedwa pamanja ndi munthu wokalamba, si masewera. Mlandu uli pa shopu, chifukwa ndalama ya kukonza chilankhulo anali atailandira kale, pamene kukonzako kunali kungodina batani loti kompyuta ifufuze masipelo, yomwe Chichewa siichidziwa nkomwe. Ndakatulo zinapulumuka chifukwa ambiri anatumiza zotaipa kale pa WhatsApp.

Ndinakawauza eni ake, bambo wachikulire ndithu amene anakulira pa mgodi wina nde Chichewa amachigwirako chapamwamba. Ndinati bambo, apa mwatilipiritsa ntchito imene siinagwiridwe, taonani tsamba ili. Analiwerenga pang'onopang'ono nkupukusa mutu, amvekere achimwene apa zoona talakwa, munthu wa Chichewa tilibe, tikanakuuzani pachiyambi. Ndalama ya gawo limenelo anabweza tsiku lomwelo. Ndinawayamikira pa zimenezo, komabe ndinawauza kuti alembe poyera pa chipepala chawo chija kuti amakonza Chingerezi ndi Chishona basi, chifukwa wina wamanyazi sangabwerere kudzadandaula, angonyamula buku lodzaza zolakwika nkupita nalo kwawo. Pa Chingerezi paja ali ndi mphunzitsi wopuma amene amabwera masiku ena pa sabata, iyeyu ndiye mkonzi weniweni, nkhani ya mtsikana ija anaidutsa ndi pensulo mzere ndi mzere, pena nkulemba mmbali kuti apa sindikumva ukutanthauza chani, osamusinthira mawu mwadala. Zimenezo nde zinali zoyenera ndalama yake.

Okonza Chichewa tinawapeza kwathu komwe. Ku CCAP kuli akulu ampingo ndi amayi a Chigwirizano amene awerenga Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo moyo wawo wonse, diso lawo siliphonya chilembo, tinangowagawira mitu aliyense wake ndi bolopeni yofiira. Panabuka mtsutso wabwino kumeneko umene ndikufuna ndiunene chifukwa ukukhudza aliyense wolemba kuno. Ena ankafuna achotse mawu onse Achishona ndi achilapalapa (chilankhulo chosakanikirana cha mmigodi ndi mmapulazi) amene ali mkamwa mwa anthu a mnkhaniyo kuti chikhale Chichewa choyera cha ku Lilongwe. Ine ndinakana ndipo agogo eni nkhani anakananso. Munthu amene wakhala ku Mbare zaka 30 salankhula ngati amene watsika basi dzulo kuchokera ku Nkhoma, ndipo nkhaniyo mphamvu yake ili pomwepo, umamva mmene lilime la mnyamata uja likusinthira chaka ndi chaka mpaka pamene akulembera kalata mayi ake nkumasowa mawu ena. Masipelo akonzedwe inde, koma malankhulidwe athu a kuno asiyidwe mmene alili.

Tsopano nkhani ya mphoto, imene ndi yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi. Chipepala chija chimatchula NAMA, Caine Prize ndi Commonwealth Short Story Prize pamzere umodzi, pansi pake nkulemba kuti pulintani nafe mukapikisane. Kuli ngati kuuza mlendo kuti kombi iliyonse pa Fourth ikupita ku Mabvuku. Mipikisano itatuyi imafuna zinthu zosiyana kotheratu, moti chimene chingakulowetseni kumodzi ndi chomwecho chingakutsekereni kwina.

NAMA, kapena kuti National Arts Merit Awards, ndi ya National Arts Council of Zimbabwe, inayamba mu 2002 ndipo imakhudza zaluso zonse, nyimbo, magule, zisudzo, mafilimu, zojambula ndi zosema, komanso mabuku. Ku mabuku kuli magawo monga buku loyamba la mlembi, buku la ana, buku la nkhani zopeka ndi buku la ndakatulo, kenako palinso gawo lina la alakatuli olakatula pagulu. Kumeneku amafuna buku lotuluka kale, ndipo likhale lotuluka mkati mwa chaka chimene akuweruzacho. Nde apa shopu ija ikunena zoona, buku lomatidwa bwino lokhala ndi ISBN ndi chimene mukufunika, kenako mukatenge fomu ku Arts Council nkukapereka nthawi isanathe, chifukwa amatseka chakumapeto kwa chaka ndipo mwambo wake umachitika chaka chinacho chikangoyamba. Pa atatu aja, umenewu wokha ndi umene phukusi lawo likugwirizana nawo.

Caine Prize ndi nkhani ina. Iyi ndi ya nkhani zazifupi basi, ndakatulo kapena buku lalitali kulibe malo. Inayamba mu 2000 ndipo mphoto yoyambayo inaperekedwa konkuno ku Harare pa Zimbabwe International Book Fair, anatenga ndi Leila Aboulela wa ku Sudan. Ndalama yake ndi mapaundi 10,000. Akuno anaitengapo, Brian Chikwava mu 2004 ndi NoViolet Bulawayo mu 2011, Namwali Serpell wa ku Zambia anapambana mu 2015 nkugawana ndalamazo ndi anzake onse amene anafika nawo kumapeto, ndipo Stanley Kenani wa ku Malawi anafika pa mndandanda womaliza kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Nde si mphoto yakutali kwa anthu a chigawo chathu chino ayi. Koma malamulo ake ndi oti nkhani ikhale yosindikizidwa kale m'Chingerezi, mmagazini kapena mbuku, ndipo otumiza ndi kampani kapena magazini imene inaisindikizayo, osati mlembi yekha. Buku lodzisindikizira wekha salandira. Tsono shopu ija si kampani yosindikiza mabuku, iwo sasankha zolemba, sakana munthu, aliyense wolipira amamupulintira, kutanthauza kuti buku lotuluka mmenemo ndi lodzisindikizira wekha. Ukalipira madola 180 poganiza kuti ukugula njira ya ku Caine ndiye kuti waluza. Njira yake ndi kutumiza nkhani yako ku magazini, ambiri masiku ano ali pa intaneti ndipo kutumiza nkwaulere, akaikonda nkuitulutsa iwowo ndi amene angakulowetse. Izi bambo aja sankazidziwa, ndinachita kuwaonetsa pa foni.

Commonwealth Short Story Prize ndiye ndi kumene kunatsala pang'ono kuchitika ngozi. Imeneyi imafuna nkhani yosasindikizidwa, ya mawu pakati pa 2,000 ndi 5,000, kulowa nkwaulere, umatumiza wekha pa intaneti kuyambira pa 1 September mpaka pa 1 November, ndipo oweruza amawerenga osaona dzina lako. Wopambana mchigawo, monga cha Africa, amalandira mapaundi 2,500, wopambana onse 5,000. Mbozi Haimbe wa ku Zambia anatenga ya chigawo cha Africa mu 2019. Amalandira nkhani mzilankhulo zingapo kuphatikizapo Chiswahili, Chipwitikizi ndi Chifalansa, Chichewa palibe pa mndandandawo, koma nkhani yomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera ku chilankhulo chilichonse amailandira, nchifukwa chake mtsikana uja anavutika kumasulira yake. Nde tamvani, buku lathu la ndakatulo linali lopyapyala moti dzina silinkakwana kumsana kwake, bambo aja mwa mtima wabwino ndithu anati bwanji tiike nkhani ya mtsikanayu kumapeto, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, buku likhuthale komanso akhale ndi buku lokaonetsa ku mpikisano. Tikanavomera nkhaniyo ikanasanduka yosindikizidwa ndipo mwayi wake ukanathera pomwepo. Anatipulumutsa ndi mtsikanayo mwini, anali atawerenga malamulo onse nkuwajambula mfoni, anangoti ayi bambo, ikatuluka mbuku sakailandiranso.

Palinso china pa mpikisano umenewu chimene chikutikhudza ife makamaka, ndipo shopu ija siichitchula nkomwe. Uyenera kukhala nzika ya dziko la Commonwealth. Zimbabwe inatulukamo mu 2003, pamene Malawi, Zambia ndi Mozambique ali momwemo. Mtsikana uja anabadwira ku Malawi ndipo ali ndi pasipoti ya kumeneko nde iye akhoza kulowa, koma ambiri a ife obadwira kuno amene tili ndi mapepala a Zimbabwe okha sitingalowe. Nkhani ya mapepala kwa ife ndi bala lakale, mukukumbukira zitupa zolembedwa kuti alien zija, makolo athu kubadwira muno koma nkumauzidwa kuti si nzika pambuyo pa lamulo la unzika la 2001, mpaka Constitution ya 2013 inadzakonza zina. Nde munthu amene akugulitsa malangizo a mipikisano mu Harare, kwa makasitomala ngati ife, funso lake loyamba limayenera kukhala loti muli ndi pasipoti ya dziko liti. Sanafunse. Mnyamata wina wa mgulu lathu anali atayamba kale kusunga ndalama yomasulitsira nkhani yake chifukwa cha chipepala chomwecho, mpaka tinachita kumukhazika pansi.

Nanga nkhani yaitali ya agogo ija ipita kuti? Funso limeneli landisowetsa mtendere kuposa zonse. Kwa ine ndi chinthu chabwino kuposa chilichonse chimene gulu lathu lalembapo, muli ulendo wodutsa ku Tete, muli njala, muli mapulazi a fodya, muli gule wa pa komboni Loweruka usiku ndi mabungwe a maliro amene ankasonkherana kuti munthu asaikidwe ngati wopanda abale. Koma Caine ndi Commonwealth ndi za nkhani zazifupi, mphoto zikuluzikulu za mabuku aatali zimafuna Chingerezi ndi kampani yodziwika, nde chotsala ndi NAMA basi. Ndipo chimandipweteka chifukwa Chichewa si chachilendo pa nkhani ya mphoto. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anapambana mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ya ku London ndi nkhani yake ya Nthondo, imene inasindikizidwa mu 1933, nkumasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira. Taganizani, nthawi imeneyo mpikisano unkafuna zolemba za mchilankhulo chathu, kumasulira kunkabwera pambuyo. Kuno Literature Bureau, nthambi ya boma yolimbikitsa kulemba mabuku, kuyambira mma 1950 inkachititsa mipikisano ya Chishona ndi Chindebele ndipo mabuku ambiri amene anzathu anawerenga kusukulu anachokera mmenemo, pamene makolo athu anali pomwepa mmakomboni ndi nkhani zawo popanda wowafunsa.

Onani anzathu a Chiswahili mmene anachitira. Mu 2014 Mukoma wa Ngugi ndi Lizzy Attree anayambitsa mphoto imene poyamba inkatchedwa Mabati Cornell, pano ili ndi dzina la Safal, ndalama zake zonse ndi madola 15,000 pa chaka, ya nkhani zopeka ndi ndakatulo za m'Chiswahili. Chimene ndimaikondera nchoti imalandira zolemba zosasindikizidwa, wopambana nkumusindikizira buku ku Mkuki na Nyota ku Dar es Salaam. Ndiye kuti mlembi wosauka safunika kuyamba wapeza madola 180 kuti aoneke, amangotumiza zolemba zake basi. Ife olankhula Chichewa ndi Chinyanja tili ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi kuno, anthu mamiliyoni, tili ndi amalonda athu, mipingo yathu, mawayilesi, National FM imaulutsa mchilankhulo chathu, Constitution ya dziko lino inachiika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, tikulephera pati kukhala ndi mphoto imodzi yodutsa malire onsewa? Pamene tikudikira zimenezo ine ndikuti tizitumizabe mabuku athu ku NAMA, chaka ndi chaka, mpaka kusowa woweruza wodziwa Chichewa kukhale vuto loti akuluakulu akhalire pansi. Buku limene silinatumizidwe palibe angalisowere woliwerenga.

Ndibwerere ku shopu. Za nthawi, analonjeza masabata awiri koma zinapitirirako, chifukwa china magetsi, makina odulira ndi omatira aja sola yawo siiwakwanitsa nde magetsi akathima ntchito imaima. Chabwino nchoti pa WhatsApp amayankha ndipo amakuuza zoona kuti lero sizitheka musavutike kukwera kombi. Ngati mukuthamangira tsiku lotseka mpikisano musapite mwezi womaliza, October ndi November kumadzaza ana a mmakoleji omatitsa mapulojekiti awo. Malo ake ndi opanikizika, mipando yodikirira ndi iwiri yokha, ndipo masitepe aja agogo athu anakwera movutika kwambiri tsiku limene ankafuna kuona nkhani yawo pa kompyuta, koma mnyamata woyala masamba uja anawagwira dzanja potsika mpaka pa msewu, akuwatchula kuti sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona, iwo nkumamuyankha kuti zikomo mdzukulu wanga.

China chofunika, itanitsani mafayilo anu. Mukamaliza kulipira muwauze akuikireni pa fulashi fayilo ya Word, PDF yomaliza ndi kava, zonse. Poyamba ankazengereza, akuti timasunga ife mukafuna ena mudzabwere, koma ndinaumirira chifukwa zolembazo nzathu ndipo kompyuta ikhoza kufa kapena shopu kutsekedwa, tawaona kale malo a mabuku akuluakulu akutsekedwa mu Harare muno. Anapereka osalipiritsa. Palibe pepala lililonse limene anatisayinitsa lokhudza umwini wa buku, ndipo ngati shopu ina ingakupatseni pepala lotero muwerenge kaye musanaike dzina. Makope a pamanja aja nawonso ajambuleni ndi foni tsamba lililonse musanawasiye, athu anabwera onse bwinobwino koma amangowaunjika pa shelefu limodzi ndi za anthu ena.

Phukusi la mphoto lija ine sindingalimbikitse munthu kuligula, gulani chimodzichimodzi. Wolemba m'Chichewa apeze mwana wa kunyumba kapena wa kutchalitchi wodziwa chilankhulo amutaipire, ngakhale pa foni, apereke kwa akulu awiri kapena atatu awerenge, kenako apite ku shopu ndi fayilo yomalizidwa nkulipira kuyala masamba, kava, ISBN ndi kupulinta basi, zimatsika ndithu mtengo. Wa nkhani yaifupi amene akufuna Commonwealth asapulinte kalikonse, ngati ali ndi ndalama alipire mphunzitsi uja yekha kuti amuwerengere Chingerezi. Ife buku la ndakatulo tikukalipereka ku Arts Council, nkhani ya mtsikana idikira 1 September, ndipo ya agogo akulu ampingo ali pa mutu wachisanu ndi chiwiri, ikatha tibwerera nayo ku shopu yomweyo kuti akatipulintire 30. Bambo aja ati atichotserako pa mtengo wa kava, ndipo ati chipepala chapakhomo achilembanso.